Aunt Tiwo: M'malawi yemwe adapita ku Joni osati kukasaka marandi

Kuno ku Mzimba, ukamva kuti mwana wa uje wapita ku Joni sufunsa n'komwe kuti wakatani. Yankho limadziwika kale: wapita kukasaka. Nyumba zanjerwa zowotcha ndi malata onyezimira zomwe timaziona tikamachoka pa Jenda kulowera ku Embangweni ndi ku Edingeni, zambiri zidamangidwa ndi marandi. Ulendowu ndi wakalekale. Azigogo athu adauyenda nthawi ya Wenela, azibambo athu adauyendanso, ndipo lero anzathu omwe tidakhala nawo desiki imodzi ku sekondale akutitumizira zithunzi pa WhatsApp ali ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town.

Koma mu 2011 kudalowera komweko M'malawi wina yemwe sadatsatire marandi. Iye adapita chifukwa kwawo kuno kudalibenso msewu woti angayende osakuwizidwa. Dzina lake ndi Tiwonge Chimbalanga, yemwe dziko lonse lidamudziwa kuti Aunt Tiwo.

Dzina loti Tiwonge si lachilendo m'makutu mwathu. Ndi la Chitumbuka, tanthauzo lake n'kuti tithokoze, ndipo a Tiwonge alipo ambiri m'midzi mwathu muno. Koma mwini nkhaniyi kwawo ndi ku Thyolo. Ambiri a inu amene mukuwerenga izi pafoni mudali ku pulayimale, ena mudali kumsana kwa amayi, pomwe dzinali linkamveka pawailesi iliyonse. Mudalitola litasanduka kale chitonzo chomwe anyamata amaponyerana pabwalo la mpira. Kuseri kwa chitonzocho kuli munthu, ndipo nkhani yake ndiyo idatsegula mkangano womwe mpaka lero sudathe m'makhoti, m'matchalitchi ndi m'magulupu athu a pa WhatsApp.

Chinkhoswe cha ku Chirimba

Pa 26 Disembala 2009, Khirisimasi itangodutsa, ku Mankhoma Lodge ku Chirimba mumzinda wa Blantyre kudali chinkhoswe. Tiwonge ankagwira ntchito pamalo ogona alendowa. Bwenzi lake lidali Steven Monjeza. Awiriwa adavala zofanana, zosokedwa kuchokera ku chitenje chimodzi, monga momwe zimakhalira pachinkhoswe chilichonse. Chosiyana chidali khamu la anthu lomwe lidabwera kudzaonerera osaitanidwa, komanso kamera za atolankhani.

Patangopita masiku awiri, pa 28 Disembala, apolisi adawanjata onse awiri. Adawatsekera kundende ya Chichiri ndipo khoti lidawakaniza belo. Adawazenga mlandu pogwiritsa ntchito magawo 153 ndi 156 a malamulo a milandu ndi zilango, omwe dziko lino lidatengera kwa atsamunda a ku Britain. Gawo 153 limaletsa chomwe limachitcha kugonana kosemphana ndi chilengedwe, ndipo chilango chake chimafika zaka 14. Gawo 156 limakamba za mchitidwe wonyansa pakati pa amuna, chilango chake n'kufika zaka 5.

Nyuzipepala za kuno ndi za kunja zidalemba mofanana: amuna awiri achita chinkhoswe. Ngakhale ambiri mwa omwe ankawaikira kumbuyo ku London ndi ku New York ankanena zomwezo. Munthu mmodzi yekha ndiye ankanena zina, ndipo adali Tiwonge mwini wake. Iye ankati ndi mkazi. Ankavala ngati mkazi, ankagwira ntchito zomwe kwathu kuno timati n'zachizimayi, ndipo anthu omwe ankakhala naye ankamuitana kuti aunt kalekale apolisi asadabwere.

Mawu omwe ambiri timawasakaniza

Apa tiyeni tiime kaye, chifukwa pa Facebook timangounjika zonse m'thumba limodzi n'kulembapo kuti mathanyula. Pali zinthu zitatu zosiyana.

Munthu yemwe amatchedwa gay ndi mwamuna yemwe amakopeka ndi amuna anzake. Nkhani yake ndi ya yemwe amamukonda. Munthu wa transgender ndi yemwe adabadwa ndi ziwalo zachimuna koma mumtima mwake amadzidziwa kuti ndi mkazi, kapena adabadwa ndi ziwalo zachikazi koma amadzidziwa kuti ndi mwamuna. Nkhani yake ndi yoti iye ndi ndani, osati amagona ndi ndani. Ndiye pali wa intersex, yemwe adabadwa ndi thupi lomwe azamba ndi madokotala sangathe kunena mwachindunji kuti ndi lachimuna kapena lachikazi.

Tiwonge ali m'gulu lachiwirilo. Mu 2009 mawu oti transgender adali achilendo kwa Amalawi ambiri, ndipo khoti silidaone kusiyana kulikonse. Lidangoona ziwalo basi.

Mwina mukuti imeneyi ndi misala. Kwa zaka zambiri nawo madokotala a kunja ankaganiza choncho. Koma mu Meyi 2019, msonkhano waukulu wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO udavomereza mndandanda watsopano wa matenda wotchedwa ICD-11, womwe udachotsa nkhaniyi m'gulu la matenda a muubongo. Mndandandawu udayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Munthu atha kutsutsana nazo pa zifukwa za chipembedzo kapena chikhalidwe, koma kunena kuti achipatala amati ndi misala ndiye ayi, zimenezo zidasintha.

Zaka 14, kenako chikhululuko

Mlanduwu udakoka chinamtindi cha anthu kukhoti la majisitireti ku Blantyre. Tsiku lililonse lomwe awiriwa ankatsika m'galimoto ya apolisi, anthu ankawakuwiza ndi kuwaseka. Adawatengera kuchipatala kukawayeza iwo asadavomere. Tsiku lina Tiwonge adadwala mpaka kusanza m'khoti momwemo, ndipo adamuuza kuti akolope yekha anthu akuonerera. Loya wawo, Mauya Msuku, adayesa kuti nkhaniyi ikamvedwe ngati yokhudza malamulo aakulu a dziko, koma sizidatheke.

Ali kundende, Tiwonge adatumiza uthenga kudzera mwa Peter Tatchell, womenyera ufulu wa ku Britain, wonena kuti ngati dziko silingamulole kukhala ndi munthu yemwe amamukonda, kuli bwino afere m'ndende momwemo. Taganizirani munthu wopanda ndalama, wopanda wachibale wa udindo, akuyang'anizana ndi zaka 14, koma osabweza mawu ake.

Pa 18 Meyi 2010, majisitireti Nyakwawa Usiwa-Usiwa adawapeza olakwa. Pa 20 Meyi adawalamula kukakhala kundende zaka 14 akugwira ntchito yakalavulagaga, chomwe ndi chilango chachikulu kwambiri chomwe lamulolo limalola. Iye adati wapereka chilango choopsa dala kuti ena atengerepo phunziro. Atatero, awiriwa adawalekanitsa: Monjeza adamupititsa kundende ya Zomba, Tiwonge adatsala ku Chichiri.

Dziko lapansi lidalusa. Nthawi imeneyo Pulezidenti Bingu wa Mutharika adali wapampando wa African Union, ndipo gawo lalikulu la bajeti ya Malawi linkadalira thandizo la mayiko akunja. Pa 29 Meyi, atakumana ndi mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, ku Lilongwe, Bingu adalengeza kuti wawakhululukira. Koma adanenetsa kuti awiriwa adalakwira chikhalidwe, chipembedzo ndi malamulo a dziko lino, ndipo wawamasula chifukwa cha chifundo chabe. Adakhala m'ndende miyezi isanu.

Chikhululuko chidatsegula chitseko cha ndende, koma sichidatsegule zitseko zina. Pasadathe milungu iwiri, Monjeza adalengeza kuti wasiyana ndi Tiwonge ndipo wapeza mkazi wina. Tiwonge adatsala yekha, nkhope yake ikudziwika kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ntchito idatha. Kumsika sakadapita, m'minibasi sakadakwera mwamtendere. Bungwe la Centre for the Development of People, CEDEP, lomwe mtsogoleri wake ndi Gift Trapence, lidamusunga mobisa kwa miyezi yambiri. Kenako mu 2011 adapita ku South Africa mothandizidwa ndi Gender DynamiX, bungwe la ku Cape Town lomwe lidakhazikitsidwa mu 2005 kuti liziyankhulira anthu a transgender. Boma la dzikolo lidamulandira ngati wothawa kwawo.

Joni wa papepala ndi Joni wa m'komboni

Papepala, South Africa ndi malo omwe munthu ngati Tiwonge amayenera kupumira m'mwamba. Malamulo aakulu a dzikolo a 1996 amaletsa tsankho lotengera yemwe munthu amamukonda. Lamulo la 2003 limalola munthu kusintha zomwe zidalembedwa pa chiphaso chake, kuchoka pa mwamuna kupita pa mkazi kapena kuchoka pa mkazi kupita pa mwamuna. Ndipo kuyambira mu 2006, amuna kapena akazi okhaokha amatha kumanga banja movomerezeka.

Koma aliyense wa ku Mzimba yemwe adakhalako ku Joni akuuzani kuti lamulo limathera m'tauni, m'komboni mumalamulira zina. Tiwonge adakakhala m'makomboni a ku Cape Town momwe mumakhala anthu osauka. Kumeneko adali ndi zifukwa ziwiri zoopera: ndi mlendo m'dziko lomwe mu 2008 anthu oposa 60 adaphedwa pa ziwawa zodana ndi obwera, komanso ndi wa transgender. Adamenyedwapo kangapo. Ndipo Amalawi anzake, omwe kwa wina aliyense amakhala pothawira ukafika m'dziko la eni, kwa iye ndiwo ankamuzindikira msanga n'kuyamba kumuloza.

Apa mpomwe nkhaniyi ikutikhudza ife. Mnyamata wochokera kwa Mzikubola kapena kwa Mabilabo akatsika basi ku Johannesburg, amafikira kwa msuweni, amapeza ganyu kudzera mwa mnzake wa kumudzi, akadwala anzake amasonkha, akamwalira amasonkhanso kuti thupi libwerere kumudzi. Umodzi umenewu ndiwo umasunga matchona. Munthu ngati Tiwonge amakhala kunja kwa umodziwo. Adathawa kwawo, koma kwawoko kudamutsatira.

Mtolankhani wa ku South Africa, Mark Gevisser, adamuyendera kwa zaka zingapo ndipo adalemba za moyo wake m'buku lotchedwa The Pink Line lomwe lidatuluka mu 2020. Kudzera m'bukuli, anthu a m'mayiko ambiri adawerenga kuti nkhani ya ku Chirimba ija siidali ya amuna awiri monga momwe idafalitsidwira.

Womenyera ufulu wopanda ofesi

Tikamva za womenyera ufulu, ambiri timaganiza za munthu wa digiri, wa galimoto ya bungwe, woyankhula Chingerezi pamsonkhano wa atolankhani kuhotela. Tiwonge sadali wotero. Sadayambitse bungwe, sadalembe lamulo. Ntchito yake idali imodzi, yovuta kuposa zonsezo: kukana kudzikana. Apolisi adamufunsa, khoti lidamufunsa, ndende ya amuna idamufunsa, atolankhani adamufunsa, ndipo yankho lake silidasinthe.

Chifukwa cha iye, mabungwe omenyera ufulu, a kuno ndi a kunja omwe, adakakamizika kuphunzira kusiyana kwa gay ndi transgender. Chifukwa cha mlandu wake, Amalawi wamba adayamba kumva za gawo 153, lomwe kale linkadziwika ndi maloya okha. Kaya mumagwirizana naye kaya ayi, mbiri ya nkhaniyi m'Malawi ili ndi mbali ziwiri: chinkhoswe cha ku Chirimba chisadachitike, ndi chitachitika.

Lamulo lidayenda bwanji pambuyo pake?

Poyamba lidakhwima. Kumapeto kwa 2010 Nyumba ya Malamulo idawonjezera gawo 137A, lomwe limalanga akazi ogonana okhaokha mpaka zaka 5, ndipo Bingu adalisainira kumayambiriro kwa 2011. Joyce Banda atalowa m'boma mu 2012 adauza Nyumba ya Malamulo kuti akufuna malamulowa achotsedwe, ndipo mu Novembala chaka chomwecho nduna ya zamalamulo, Ralph Kasambara, idati apolisi ayambe asiya kumanga anthu pa milanduyi. Malamulowo sadachotsedwe.

Mu 2015 kudabwera lamulo la maukwati lomwe ambiri timalikumbukira chifukwa lidakweza zaka zokwatira kufika pa 18. Lamulo lomwelo lidanenanso kuti umuna kapena ukazi wa munthu ndi womwe adabadwa nawo. Kwa anthu a transgender, mzere umodzi umenewo udatseka khomo.

Mu Disembala 2015, amuna awiri atamangidwa ku Area 25 ku Lilongwe, nduna ya zamalamulo Samuel Tembenu idathetsa mlandu wawo n'kubwereza kuti kumanga anthu pa milanduyi kwaimitsidwa. Yankho lidachokera konkuno kumpoto. Mu Febuluwale 2016, abusa atatu atakadandaula, Jaji Dingiswayo Madise wa khoti lalikulu ku Mzuzu adaimitsa ganizo la bomalo. Mfundo ya odandaulawo idali yoti nduna ilibe mphamvu zoimitsa lamulo lomwe lidapangidwa ndi Nyumba ya Malamulo.

Mu 2018 bungwe la Human Rights Watch lidatulutsa lipoti lomwe lidapeza kuti anthu a transgender ndiwo amakumana ndi nkhanza kawirikawiri, chifukwa maonekedwe awo sabisika, komanso kuti ambiri akamenyedwa amaopa kupita kupolisi poopa kuti amangidwa ndi iwowo. Pa 26 Juni 2021, bungwe la Nyasa Rainbow Alliance, lomwe adaliyambitsa ndi Eric Sambisa, lidachititsa ulendo wandawala woyamba wa mtunduwu ku Lilongwe. Adali anthu ochepa, ambiri atabisa nkhope ndi mamasiki, ndipo aliyense ankadziwa kuti si Covid-19 yokha yomwe ankaopa.

Jana Gonani: funso lomwe lija, zaka 12 pambuyo pake

Mu Seputembala 2021 apolisi ku Mangochi adamanga Jana Gonani, yemwe ndi mkazi wa transgender. Adamuvula kuti aone ziwalo zake ndipo adamutsekera m'chitolokosi cha amuna. Mbali ya boma idati iye ankapusitsa amuna podzionetsa ngati mkazi. Mu Disembala khoti lidamupeza wolakwa pansi pa gawo 153 ndipo lidamulamula kukakhala zaka 8 kundende. Adamupititsa ku Chichiri, komwe kudali Tiwonge kuja.

Gonani adachita chomwe Tiwonge sadapatsidwe mpata wochita. Mothandizidwa ndi Nyasa Rainbow Alliance, adapita kukhoti lalikulu kukatsutsa lamulo lenilenilo, ponena kuti likuphwanya ufulu wake wolemekezedwa ngati munthu, wosasalidwa komanso wosalowereredwa pa za moyo wake wamseri, zomwe zili m'magawo 19, 20 ndi 21 a malamulo aakulu a dziko lino. Mlandu wake adauphatikiza ndi wa Jan Willem Akster, mzika ya ku Netherlands yomwe inkayankha milandu yokhudza nkhanza zogonana. Kuphatikizaku kudasokoneza ambiri, chifukwa nkhani ya akuluakulu awiri ogwirizana ndi nkhani ya munthu woganiziridwa kuti adachitira ena nkhanza n'zosiyana kutalitali. Koma gawo 153 lenilenilo silisiyanitsa.

Mlandu uli mkati, pa 13 Julayi 2023, atsogoleri a mipingo yachikhristu ndi a Chisilamu adatsogolera zionetsero zazikulu, kuphatikizapo ku Blantyre, zokana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Pa 28 Juni 2024, majaji atatu, Joseph Chigona, Chimbizgani Kacheche ndi Vikochi Chima, adakana pempho la Gonani ndi Akster. Adati malamulowa akadali m'malo mwake, ndipo ofuna kuti asinthe apite ku Nyumba ya Malamulo.

Mayiko oyandikana nafe ayenda njira zosiyanasiyana. Mozambique idachotsa malamulo otere mu 2015. Ku Botswana, khoti lalikulu lidalamula mu 2017 kuti Tshepo Ricki Kgositau, yemwe adatsogolerapo Gender DynamiX lomwe lija, alembedwe kuti ndi mkazi pa chiphaso chake, ndipo mu 2019 lidathetsa lamulo loletsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha. Ku Zimbabwe, Rikki Nathanson, yemwe adamangidwa mu 2014 ku Bulawayo chifukwa cholowa m'chimbudzi cha akazi, adapambana mlandu wa chipepeso mu 2019. Khoti lalikulu la Namibia lidathetsa lamulo lake patangotsala sabata imodzi kuti majaji athu apereke chigamulo chawo. Pomwe Uganda idakhwimitsa chilango mu 2023, ndipo ku Zambia, komwe ndi kungowoloka pa Jenda kulowera ku Lundazi, malamulo akadali okhwima. Ndiye kunena kuti Africa yonse ili ndi maganizo amodzi pankhaniyi si zoona.

Nanga kuno ku Mzimba?

Milandu yonseyi idachitikira kutali: Blantyre, Lilongwe, Mangochi. Mabungwe ambiri omwe amathandiza anthu otere nawo ali m'mizinda. Kuchoka pa boma la Mzimba kukafika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 100, ndipo wochokera ku Khosolo kapena ku Luwerezi ulendo wake ndi wotalikirapo. Mwana yemwe akukula m'midzi imeneyi akudzimva mosiyana ndi thupi lake alibe loya, alibe ofesi yoti angagogode. Ali ndi foni basi.

Ndipo kuno funso loti ndiwe mwamuna kapena mkazi si la zovala zokha. Kwathu kwa Angoni ndi Atumbuka, ana ndi a kuchimuna. Munda, khola ndi dzina la mudzi zimadutsira mwa mwana wamwamuna. Mwana wamkazi akakwatiwa, malowolo amabwera pakhomo, ndipo nthawi zina ng'ombe zomwezo ndizo zimakalowolera mlongo wake. Pamaliro amuna amakhala kwawo, amayi kwawo. Awa kumanda, awa kumaphikidwe. Kutchalitchi kuli Madodana, kuli Umanyano. Pa Umthetho ku Hora, pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V, aliyense amadziwa mbali yomwe amaima. Munthu yemwe sakukwana mbali iliyonse, sikuti amangosekedwa. Atha kutaya munda, pogona, fizi, ngakhale malo pamaliro a mayi ake omubereka.

Onjezanipo chiphaso cha unzika. Chiyambire kalembera wa NRB mu 2017, kachiphaso aka kamafunika pafupifupi paliponse: polembetsa simukhadi, potsegula akaunti kubanki, pogula fetereza wotsika mtengo, polembetsa mavoti. Pamalembedwa M kapena F. Ngati nkhope ndi zovala zako zikunena china, chilembo chikunena china, paliponse pomwe watulutsa chiphasocho pamasanduka pabwalo la milandu.

Chodabwitsa n'chakuti zilankhulo zathu sizivutika ndi zimenezi. M'Chingerezi uyenera kusankha mawu ena ukamanena za mwamuna, ena ukamanena za mkazi, ndipo kunjako anthu amakangana kwambiri pa zimenezo. M'Chichewa timangoti iye. Nkhani yonseyi mwawerengayi, mawu amenewo akwanira Tiwonge, akwanira Monjeza, akwanira Bingu.

Omwe akutsutsa nawo ali ndi mfundo

Tisanamizane, Amalawi ambiri, kuphatikizapo makolo athu, abusa athu ndi mafumu athu, sagwirizana ndi zomwe Tiwonge ndi Gonani amaimira. Ambiri satero chifukwa cha nkhanza. Amakhulupirira kuti Mulungu adalenga mwamuna ndi mkazi, ndipo munthu alibe mphamvu zosintha zimenezo. Ena chimawapweteka ndi momwe chikhululuko cha 2010 chidabwerera: mlendo wamkulu atatsika ndege, opereka thandizo atakwiya. Amafunsa kuti, kodi dziko losauka lilibe ufulu wosankha lokha malamulo ake? Funso limeneli ndi lomveka, ndipo omenyera ufulu sayenera kulinyoza.

Koma nawonso ayenera kuyankha mafunso awiri. Loyamba: ngati vuto ndi zobwera ndi azungu, nanga gawo 153 lidabwera ndi ndani? Silidalembedwe ku Edingeni kapena ku Hora. Lachiwiri: kodi kukhulupirira kuti chinthu ndi tchimo n'chimodzimodzi ndi kufuna kuti wochichita akakhale zaka 14 m'ndende? Chigololo ndi tchimo m'mipingo yathu yonse, koma sitimva wina akupempha kuti achigololo azikakhala zaka 14 ku Chichiri.

Dziko lino lidayesapo kulamulira zovala. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, mpaka lidachotsedwa mu 1993. Mu Januwale 2012 mavenda ena adavula amayi ovala mathalauza m'misewu ya m'mizinda yathu, akuti akuteteza chikhalidwe. Lero achemwali athu amavala majinzi pa boma pano popanda wowafunsa. Amene ankavulidwa dzana ndi omwe lero akuyenda mwaufulu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Foni ili m'manja mwanuyo

Mu 2009 padafunika mtolankhani, kamera ndi makina osindikizira nyuzipepala kuti nkhope ya Tiwonge ifike m'dziko lonse. Lero pakungofunika bando ya WhatsApp ndi chala chimodzi. Mukudziwa momwe zimayambira: wina wajambula munthu pamsika kapena padepoti, waponya m'gulupu la anzake a kusukulu, pansi pake walemba kuti tamuonani uyu, ndi mwamuna kapena mkazi? Ena aika zithunzi zoseka. Wina watchula mudzi womwe amachokera. Pofika madzulo vidiyo ija yafika kwa amalume ake ku Joni, kwa mkulu wa mpingo, kwa eni nyumba yomwe amachita lendi.

Amene adajambula uja mawa waiwala. Wojambulidwayo ndiye amatsala nazo: kuthamangitsidwa pakhomo, kusiya sukulu, kuopa kupita kuchipatala ngakhale akudwala, mwinanso kumenyedwa ndi gulu. Ndipo dziwani kuti lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kulondalonda munthu pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta. Amene akusheya uja akuganiza kuti akuthandiza lamulo, chonsecho atha kukhala kuti iye ndiye akuliphwanya.

Majaji adanena kuti nkhani ya gawo 153 ili m'manja mwa Nyumba ya Malamulo. Ngati muli ndi maganizo, kaya ofuna kuti lamuloli likhale kaya lichoke, phungu wa dera lanu alipo, mawailesi alipo, tsamba lino lilipo. Kumeneko ndiko koyenera kukanganirana. Koma palibe jaji yemwe adalamula kuti munthu azivulidwa pamsika. Palibe gawo la lamulo lomwe limapatsa gulu la anyamata mphamvu zomenya munthu chifukwa cha mayendedwe ake. Ngakhale Bingu, yemwe adanena poyera kuti Tiwonge adalakwa, adamutulutsa m'ndende.

Ndiye vidiyo yotere ikadzafika m'gulupu mwanu, simukufunika kusintha chipembedzo kapena kukhala womenyera ufulu kuti muchite chanzeru. Osaitumiza kwina. Ngati ndinu adimini, ifufuteni. Ngati wina wayamba kutchula mudzi kapena nyumba ya munthuyo, muuzeni asiye. Munthu ali pachithunzipoyo ali ndi mayi ake, ndipo mwina mayiwo mumakhala nawo benchi imodzi Lamulungu.